Nkhope Ikhale Pati?

Ndasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa Chiringa kwa zaka zambiri, moti mpaka lero mwendo wanga wamanja umapalasa wokha ndikakhala m'tchalitchi. Koma anthu a msinkhu wanga akandikumbukira sayamba ndi masiketi amene ndinawasokera. Amayamba ndi matumba anga, ndipo amaseka asanamalize n'kunena komwe. Ndimawaleka aseke, chifukwa nkhaniyo ndinaiputa ndekha.

Matipate atabwera, nsalu zinabwera nawo. Chipani chilichonse chinkafika ndi lole, zimkuzamawu pamwamba, kumbuyo mitolo ya zitenje zokhala ndi nkhope ya munthu wawo. Msonkhano ukatha, amayi ankabalalika aliyense nsalu yake kukhwapa, ndipo m'mawa mwake theka la nsaluzo linkafika pamakina anga. Wina afuna diresi, wina bulauzi ndi duku, wina malaya a bambo. Ine sinditaya kanthu. Tizidutswa totsala ndinkatiponya m'matumba akale a feteleza kuti ndidzapangire mapilo, ndipo poti mitundu inali yosiyana, chipani chilichonse ndinachipatsa thumba lake. Panalibe nzeru iliyonse pamenepo, ndinkangofuna kuti pilo asaoneke ngati nkhanga.

Chisankho choyamba chitayandikira ndinaona kuti thumba limodzi ladzaza mpaka kukhosi pamene enawo akadali kugwada. Ndinauza amuna amene ankasewera bawo kumapeto kwa khonde kuti chipani cha thumba lodzazalo chitenga boma, ndi mpando wa phungu wa kwathu womwe. Zinaterodi. Patapita zaka zisanu ndinaloseranso, zinateronso. Basi, mutu unakula. Aphunzitsi ankatsika panjinga kudzandifunsa, alangizi a zaulimi, ngakhale akalaliki a ku boma akabwera kumsika. Funso linali limodzi: "Atelala, matumba akuti chiyani?" Ine sindinkayankha msanga. Ndinkayamba ndaluma ulusi, n'kuulavula, n'kuyang'ana kuphiri ngati kuli wondinong'oneza.

Lero ndikhoza kuvomera kuti zaka zimenezo ngakhale mbuzi ikanalosera. Kuno tonse tinkaponya voti mbali imodzi ngati madzi otsika m'phiri. Koma munthu akamakuyamika suyamba kumufotokozera kuti ntchitoyo inali yophweka.

Tsono panali Anesi. Dzina lawo tinkalidziwa koma palibe ankalitchula, aliyense ankangoti Anesi. Anabwera kuno ali mtsikana kuchokera kuboma lina lakutali, atatumizidwa kudzagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba, ndipo anakalambira konkuno. Ana anga anayi onse anafikira m'manja mwawo. Wachiwiri, mtsikana, anabwera chotsogoza miyendo, ndipo ine ndinakhala panja pa chipatala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ndikulonjeza Mulungu zinthu zimene sindinakwaniritse mpaka lero. Anesi atatuluka anangoti, "Atelala, kasokeni kadiresi," n'kukhala pansi pakhonde pomwepo. Chaka cha napolo, madzi ndi miyala zitatsika m'phiri n'kukokolola midzi, anayenda wapansi masiku angapo kuthandiza ovulala, yunifolomu yawo yoyera itasanduka yamtundu wa dothi. Chilomwe chokha n'chimene chinawakanika. Mawu amene anagwira ndi moni wa m'mawa, ndipo ankaupereka nthawi iliyonse. Umakumana nawo dzuwa likulowa, iwo n'kumwetulira, "Moseliwa!" Tinkayankha bwinobwino, kuseka tikapitirira.

Atapuma pantchito anachita lendi kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Mazenera ake atatu anamatapo manyuzipepala, katundu wambiri ali m'makatoni. Ana awo, amene anali atakula n'kubalalika m'matauni, ankawalembera makalata kuti abwerere kwawo, kumene kuli manda a makolo awo. Kangapo konse ndinawauza kuti abweretse nsalu ndiwasokere makatani, manyuzipepalawo akundichititsa manyazi ine telala. Yankho linali lomwelo chaka ndi chaka: "Makatani n'ngachiyani, Atelala? Ine ndikupita chaka chino."

Chisankho china chitafika, amayi a m'midzi yathu anapita kwa Anesi kukawapempha kuti aime ngati phungu woima payekha. Nkhani inali ya kamtsinje kena kamene dzinja kamadula njira ya kuchipatala. Amayi oyembekezera ankachirira kutsidya, pansi pa mtengo, podikira madzi aphwe, ndipo aphungu awiri anali atadutsa akulonjeza mlatho. Anesi anakana, amayi anabweranso, anakana, anabweranso, mpaka anavomera. Opikisana nawo anali awiri. Wina anali mphunzitsi wa chipani chaching'ono, munthu wabwino koma wopanda mawu. Wina anali bwana wa chipani chachikulu, mwana wa konkuno koma wokhala ku Blantyre, mwini malole. Bwanayu anagawa nsalu ngati mvula ya mwezi wa Januwale. Nkhope yake inali yonenepa bwino, yomwetulira, mano onse panja, ndipo pachitenje chimodzi inkapezeka kanayi. Anesi analibe nsalu, analibe lole. Anali ndi njinga yakale yaikazi ndi ambulera.

Thumba la bwana linadzaza sabata ziwiri zokha, ndinayamba lachiwiri. La mphunzitsi linali ndi tizidutswa tokwana m'manja. Anesi analibe ngakhale thumba. Amuna a pabawo ankati, "Amayi aja akungotaya nthawi. Komanso si akuno. Tingatumize bwanji ku nyumba ya malamulo munthu wopereka moni wa m'mawa madzulo?" Ine ndinkaseka nawo, ndipo ndikakumbukira kuseka kumeneko ndimachita manyazi mpaka pano.

Tsiku lina Lachiwiri masana, pakhonde pali zii, ndinaona njinga yaikazi ikutsamiritsidwa pachipilala. Anesi anakhala pabenchi ya makasitomala, n'kupinda ambulera yawo mosafulumira.

"Atelala, ine ndabwera kwa mlosi," anatero.

"Aa, Anesi, zocheza chabe zimenezo."

"Musandinamize, anthu amamvera inu. Munthu safuna kutaya voti yake pa wolephera. Ndiuzeni zoona, matumba akuti chiyani?"

Ndinayamba kufunafuna ulusi woti ndilume koma manja sanaupeze. Iwo anapitiriza.

"Ana anga akuti ndikudzichotsa ulemu paukalamba. Akuti anthu a kuno amandikonda ndikagwira lumo la mchombo basi, koma pa zinthu zawo ndine mlendo. Atumiza galimoto kumapeto kwa mwezi kudzatenga katundu. Ngati ndilibe mwayi, ndilengeze pamsika Loweruka kuti ndasiya, ndipite mwaulemu ndisanachite manyazi owerengedwa pawailesi. Ndiye ndiuzeni."

Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Mawu amenewo anali pafupi, aulere, oona. Koma munthu amene wakhala mlosi zaka khumi sanena kuti sakudziwa. Ndinaloza matumba awiri a bwana aja ndi chibwano n'kunena ndi mawu achifundo, ngati dokotala, kuti, "Anesi, nsalu zayankhula. Mpando wapita kale."

Anayang'ana matumbawo nthawi yaitali. Kenako anati, "Zikomo, mwandiuza ngati mwana wanga." Anatsegula ambulera, n'kukankha njinga osaikwera. Ine ndinabwerera pamakina ndikudziuza kuti ndachita zachilungamo, koma msoko umene ndinasoka masana amenewo ndinaumasula kawiri.

Madzulo ndinafotokozera mayi a kunyumba, ndikuyembekeza kuti andiyamikira kuti ndapulumutsa munthu wamkulu ku manyazi. Mkazi wanga si wolongolola. Akakwiya amachita zinthu mwaulemu wopitirira muyeso, ndipo tsiku limenelo anandipatsa madzi osamba m'manja atagwada mawondo onse awiri, zimene anali atasiya mwana wathu woyamba asanayambe sukulu. Ndinadziwa kuti zavuta.

"Ndiye mwawathamangitsa," anatero.

"Sindinathamangitse munthu ine. Matumba ndi amene..."

"Matumba ali ndi chala choviika mu inki?"

"Amayi, izi ndi zandale, zili ndi kawerengedwe kake. Kawiri konse ndalondola."

"Chabwino, bambo. Mawa ndibwera nawo kuntchito, ndikagulitse nandolo pakhonde panupo. Ndikufuna ndikaone kawerengedwe."

M'mawa anabweradi ndi lichero la nandolo, n'kukhala pansi pafupi ndi makina. Asanayale bwino anandiuza kuti, "Lero musayang'ane matumba. Muzimvera pakamwa panu, ndi zimene akuyankheni." Sindinamve chimene akutanthauza, ndipo sindinafunse, chifukwa safunsa ndinali ine.

Telala aliyense amene wasokapo nsalu ya chipani ali ndi funso limene amafunsa asanagwire sizasi. Limatuluka lokha ngati kutsokomola, suliganizira. Umayala chitenje, umaona pamene pali nkhope, n'kufunsa mwiniwake kuti, "Nkhope ikhale pati?" Pakuti nkhopeyo ndi yaikulu, ndipo podula diresi uyenera kudziwa ngati ukuisunga yathunthu kapena ayi.

Woyamba kufika anali mayi wina wachitsikana, mwana kumsana, nsalu ya bwana m'manja. Ankafuna siketi. Ndinayala, n'kufunsa funso langa.

"Paliponse, Atelala. Bola siketi ikwane."

Mkazi wanga anatsokomola pang'ono, maso ali pa nandolo.

Wachiwiri anafuna makabudula awiri a ana ake aamuna. Nditafunsa za nkhope anati, "Dulani basi, anawo akudziwa chiyani." Wachitatu anafuna ndimupindire matewera. Matewera! Nkhope ya munthu wofuna kupita ku nyumba ya malamulo. Ndinadula, ndipo mkazi wanga anatsokomolanso, ulendo uno mokweza.

Chakumasana kunafika mayi wina wachikulire wa kumudzi kwa mkazi wanga, wa m'gulu la amayi a kutchalitchi, munthu wosaseka wamba. Anafuna diresi lalitali. Ndinayala nsalu.

"Nkhope ikhale pati, amayi?"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kuweramira kwa ine. "Kumbuyo, mwanawe. Pokhalira penipeni. Iyeyu watikhalira nthawi yaitali."

Mkazi wanga anaseka mpaka nandolo anatayika. Mayi uja sanaseke, anangotenga fodya wake wapamphuno n'kunena tsiku lodzatenga diresi.

Atachoka, mkazi wanga anapukuta misozi n'kundifunsa, "Bambo, chisankho choyamba chija, amayi ankayankha chiyani mukafunsa?"

Ndinakumbukira. Ankati pachifuwa. Ankati, "Musadule ngakhale khutu, Atelala, mukadula mulipira nsalu." Ndinkatuluka thukuta kuyeza ndi tepi kuti nkhope ikhale pakati penipeni, mphuno isapotoke pa msoko. Panali mayi wina amene anandibwezera bulauzi katatu chifukwa chipumi cha mtsogoleri wake chinalowa m'khwapa. Koma chaka cha bwanayu ntchito inkayenda msanga, palibe wondivuta, ndipo ine ndinkangothokoza kuti makasitomala aphunzira ulemu.

"Khuthulani thumbalo," anatero mkazi wanga.

Ndinakhuthulira pansi. Abale inu, munali makutu. Munali maso amodziamodzi, theka la pakamwa, mano opanda mwini, zibwano, mphuno yodulidwa pakati. Bwana yense anali m'thumba mwanga zidutswazidutswa, kambirimbiri. Madzulo titafika kunyumba ndinatenga pilo wakale amene ndinapanga ndi zidutswa za chisankho choyamba, n'kumasula msoko. Munali maluwa, mizere ya m'mphepete, zilembo zingapo. Ndinafufuza mpaka pansi, sindinapeze ngakhale diso limodzi.

"Nsalu timalandira," anatero mkazi wanga akusesa zidutswazo. "Tikanirenji? Yaulere, ndipo ana alibe zovala. Timavina, timaimba, timakwera lole. Koma m'kachipinda kovotera muja simulowa lole. Inu mumawerenga amene alandira, ife timadziwa amene tamusunga."

"Nanga bwanji simunandiuze kale?"

"Munandifunsa? Mumafunsa matumba."

Zinandipweteka, ndisaname. Mwamuna amene akalaliki a ku boma ankamutsikira panjinga, kuphunzitsidwa ntchito yake yomwe ndi munthu wogulitsa nandolo! Koma chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti linali Lachitatu, ndipo Loweruka Anesi anali kukasiya mpikisano chifukwa cha pakamwa panga. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo wangawo unali utandipeza ndisanafike patali.

Lachinayi m'mamawa ndinamanga thumba limodzi la bwana pakaliyala wa njinga n'kupita kuseri kwa msika. Ndinapeza Anesi akumanga makatoni ndi chingwe, mapoto ataikidwa kale m'dengu. "Moseliwa," anatero, ndipo kamodzi kokha pamoyo wawo moniwo unagwa pa nthawi yake.

"Anesi, ndabwera kudzameza mawu anga."

"Musavutike, Atelala. Mwachita chisoni basi, ndikudziwa. Dzana munanena zoona."

"Dzana ndinanena zopusa."

"Mlosi sasintha pakati pa sabata."

Ndinaona kuti pakamwa sipandithandiza, poti ndi pomwe panalakwa. Ndinamasula thumba n'kukhuthulira pamkeka wawo. Anayang'ana mulu wa makutu ndi manowo osamvetsa, ndiye ndinagwada n'kuyamba kufotokoza za funso langa, za pachifuwa ndi pokhalira, za matewera, za pilo wakale wopanda diso. Anatola kadutswa kamodzi kokhala ndi theka la kumwetulira kwa bwana, n'kukatembenuza uku ndi uku. Kenako anayamba kuseka. Anaseka atagwira m'nthiti, n'kukhala pakatoni, ndipo sindinadziwe pamene kusekako kunathera ndi pamene kulira kunayambira.

"Ndiye mukuti amayi aja sanandinamize?"

"Sananame. Wonama ndine ndi matumba anga."

Pamenepo ndikanalekera. Koma chizolowezi ndi matenda. Nditaona nkhope yawo yawala, ulosi unandikweranso, ndipo ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Anesi, mpando ndi wanu. Mupambana, ndipo bwanayo sadzaonekanso kuno."

Loweruka Anesi sanalengeze zosiya. Amene analengeza ndine. Ndinaima pakhonde, msika uli thithithi, n'kuuza aliyense wofunsa kuti matumba ndawapumitsa ntchito, ndipo wopambana ndi Anesi. Amuna a pabawo anandiseka. Wina anati ndadyetsedwa, wina anati mlosi walowa chitenje cha mkazi wake. Mmodzi anandifunsa kuti munthu wopanda ngakhale duku la kampeni angapambane bwanji, ine n'kumuuza kuti apite kunyumba akaone pamene pali nkhope ya bwana pa siketi ya mayi a kwawo. Anapita, ndipo sanabwerenso pabawo tsiku limenelo.

Masabata otsalawo anali okoma kuposa chisankho china chilichonse chimene ndaona. Amayi ankapita kumisonkhano ya bwana atavala nsalu zake, kuvina mpaka fumbi kobo, n'kubwerera kudzera kwa Anesi kukawasiyira chinangwa ndi nyemba za kalongonda. Tsiku loponya voti mzere wa pasukulu yathu unali wa mtundu umodzi, nkhope ya bwana paliponse, yopendekeka, yozondoka, yokhalidwa. Anthu ake oyang'anira anaona mzerewo n'kuyamba kugwirana chanza. Ine ndinaima pamzere chala chili chokonzeka, mtima uli m'malo, ndikudziona ngati munthu yekhayo wodziwa kuwerenga pakati pa osaphunzira.

Mawa lake zotsatira za pasukulu yathu zinamatidwa pachitseko. Anesi anali pamwamba, bwana kutali pansi, mphunzitsi pansi pake. Malo ena oyandikana nafe chimodzimodzi. Amayi analulutira, ine ndinayenda pamsika chifuwa patsogolo. Koma dera la phungu ndi lalikulu kuposa khonde la telala. Kuli midzi ya kuchigwa, kutali ndi chipatala chathu, kumene Anesi sanadulepo mchombo wa munthu, kumene njinga yawo sinafike, ndipo kumeneko kuli atelala ena amene sindinawafunse. Mabokosi a kumeneko atawerengedwa, wailesi inalengeza kuti wapambana ndi bwana. Anesi anabwera pambuyo pake pafupi kwambiri, koma mpando ndi umodzi.

Ndinalakwa kawiri pa chisankho chimodzi, poyamba kunena kuti alibe anthu, kenako kunena kuti apambana. Sindikudziwa ngati alipo mlosi wina amene anakwanitsa zimenezo. Masiku atatu sindinapite kuntchito, ndinati msana ukuwawa. Zoseka za amuna a pabawo sizinkandiopsa kwenikweni. Chimene chinkandidya ndi Anesi. Anandipempha chinthu chimodzi, kuti apite mwaulemu asanawerengedwe pawailesi ngati wolephera, ndipo ine ndinawakankhira ku manyazi omwewo. Mwezi unali kutha, galimoto ya ana awo inali pafupi. Ndinkaganiza kuti achoka osanditsazika, ndipo ndinkaona kuti akatero sanalakwe.

Tsiku lachinayi mkazi wanga anandiikira sizasi pambali pa kapu ya tiyi. "Msana umapola pamakina," anatero. Ndinapita.

Amuna a pabawo anandilandira monga ndinayembekezera. Wina anafunsa ngati matumba ali pamaliro, wina anapempha kuti ndilosere ngati mawa kucha. Ndinawayankha kuti ine ndinalakwa za mpando, koma iwo analakwa za akazi awo amene amagona nawo nyumba imodzi, ndiye tisankhe cholakwa chachikulu.  Kenako mkulu wina, yemwe uja ankati Anesi si akuno, anati, "Komatu bwanayu wachita mantha. Akuti Loweruka abwera kudzaona kamtsinje kaja." Anabweradi, ndipo zaka zotsatirazo ankabwera kawirikawiri kuposa aphungu onse akale, poti anali ataona kuti anthu ovala nkhope yake angathe kumugwetsa. Kuyambira nthawi imeneyo palibe wandale amene ankafika kuno n'kuona ngati watigula ndi chitenje, ndipo chimenecho ndimachiwerengera ngati phindu la chaka chimenecho.

Koma tsikulo ine maso anali kumsewu. Galimoto iliyonse yachilendo ikadutsa ndinkaimitsa makina. Dzuwa litapendeka ndinamva kulira kwa tcheni chouma chimene ndinkachidziwa, ndipo njinga yaikazi inatsamira pachipilala.

"Moseliwa, Atelala."

Ndinayankha moniwo. Ndinayamba kupepesa, mawu amene ndinawakonza masiku atatu ndili chigonere, koma anakweza dzanja.

"Ndinapita kukaona pepala lija pachitseko cha sukulu," anatero. "Ndinapita katatu. Ndinawerenga, ndinabwerera kunyumba, ndinapitanso kukaona ngati silinasinthe. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti anthu amandipirira chifukwa cha ntchito. M'kachipinda muja munalibe wowaona, munalibe wobereka, ndipo ine ndinalibe chowapatsa. Mukanandisiya ndipite Loweruka lija, pepala limenelo sindikanaliona."

Anatsegula chikwama n'kutulutsa nsalu ziwiri zatsopano, zopindidwa bwino. Zinali za bwana. Anthu ake anawapatsa pa tsiku la chikondwerero, kaya mwaulemu kaya mwachipongwe, ndipo iwo analandira monga mayi aliyense wa kuno akanachitira.

"Mundisokere makatani," anatero. "Mazenera ndi atatu, mukuwadziwa."

Ine ndi telala. Ndalephera kuwerenga zinthu zambiri pamoyo wanga, koma ichi ndinachiwerenga msanga, pakuti munthu wopita sasoketsa makatani. Ndinayala nsalu imodzi patebulo n'kutenga choko.

"Nanga galimoto ya ana?" ndinafunsa.

"Ndawalembera kuti abwere ndi malata, asabwere ndi zingwe. Amayi andipatsa malo kuseri kwa tchalitchi."

Ndinaweramira pansalu kuti amuna a pabawo asaone nkhope yanga. Bwana anali kundimwetulira kanayi, mano onse panja. Funso lija linatuluka lokha, monga limachitira.

"Nkhope ikhale pati, Anesi?"

Anaganiza pang'ono, akupinda ambulera.

"Musaidule. Iyang'ane kunja, kunjira ya kukamtsinje kaja, aziona tsiku ndi tsiku pamene analonjeza mlatho. Ine ndikhala mkatimo, ndizimukumbutsa."

Ndinasoka makataniwo tsiku lomwelo, ndipo ndinakawapachika ndekha. Manyuzipepala a pamazenera tinawang'amba awiri, ine ndi mkazi wanga, Anesi ali pansi akumasula zingwe za makatoni.